Ozonda Matenda a Achimwene

Achimwene anga a Eliya amadziwa kachasu ngati mmene ine ndimadziwira tomato. Ine ndimagulitsa tomato pa Songani, ndikangomugwira ndimadziwa kuti uyu mawa sadzafika. Iwo akanunkhiza botolo amakuuzani mayi amene anatcheza, nkhuni zimene anasonkhezera, ngakhale zoti tsikulo mayiyo anayambana ndi amuna ake. Luso limenelo silinawagulirepo ngakhale sokosi.

Vuto n'loti mlongo wanga ndi yekhayo. Ndiye malume wa ana anga ndi iwowo, nkhoswe ndi iwowonso. Pa chinkhoswe cha mwana wanga woyamba, Eliza, anafika atakhuta kale. Itakwana nthawi yosinthana nkhuku, akuchimuna anapereka tambala wawo mwaulemu. Achimwene ananyamula thadzi lathu, n'kuyamba kuvina nalo, n'kuliponya m'mwamba. Linakatera paduku la apongozi ake a Eliza, kuchoka apo n'kulowa m'munda wa nandolo, anthu a masuti ali pambuyo. Mpaka lero kumudzi kumeneko amatitchula kuti a kwa nkhuku youluka.

Mukuseka? Sekani. Koma banja la Eliza litayamba kuvuta, mwana anapita kwa nkhoswe wake n'kukawapeza ali gone m'ngalande pa Naisi, nsapato imodzi kulibe. Anabwerera akulira, wopanda womulankhulira.

Ndiye Mervis, wachiwiri wanga, atabwera ndi nkhani yoti mnyamata wake Jacob akufuna chinkhoswe, ine ndinali nditaganiza kale. Nkhoswe akhala a Silas, mwana wa amayi aang'ono. A Silas samwa, sasuta, saseka, ndipo akayamba kupempherera tiyi amamaliza atazizira.

Mervis anakana. Bambo ake anamwalira iye ali wakhanda, ndipo amene ankamubereka kupita naye kusikelo anali amalume akewo.

"Amayi, ine ndikufuna amalume a Eliya," anatero. "Koma aja a m'mawa, osati a madzulo."

"A m'mawawo amatha naini koloko isanakwane," ndinamuyankha.

Kani eni ake anali kuseri kwa nyumba, akumva zonse. Mawa lake anafika atavala nsapato zonse ziwiri.

"Achemwali, ndiperekezeni ku Zomba. Akuti kuli kiliniki ya anthu ngati ife."

Ndinasiya tomato wanga, tinakwera minibasi. Kumeneko tinapeza namwino wachitsikana, a Karima, wolankhula mosapsatira. Anawafunsa achimwene kuti amamwa wochuluka bwanji, iwo anati pang'ono, ine ndinatsokomola mpaka anasintha yankho.

"Sitikugonekani kuno," anatero a Karima. "Sabata yoyamba muzibwera m'mawa uliwonse tizikuyezani, kenako Lachinayi lililonse muzidzakhala ndi anzanu kukambirana. Mowa wa zaka zonsezi sausiya mwadzidzidzi popanda mankhwala, munthu atha kugwa ngati wa khunyu. Gadiyani ndani?"

Ndinacheuka kumbuyo, kunali khoma basi.

"Ndiye ndinu, mayi. Mapiritsi muzisunga ndinu. Akakomoka, kapena akayamba kuona zinthu zoti palibe, muthamange nawo kuno. M'nyumba musapezeke dontho la mowa. Ndipo muwauze abale ndi anzawo, akuthandizeni."

Pamawu omalizawa mpamene panavuta. Titangotuluka pageti, achimwene anandigwira mkono.

"Munthu asamve, achemwali. Ndikalephera adzandiseka, ndikatha adzandisekabe. Lumbirani."

Ndinalumbira, chibale ndi fupa. Koma nanenso ndinaika langa: ndikangomva fungo la mowa pa iwo, ngakhale pamalaya, thadzi anyamula a Silas. Mawu amenewa ndinakawabwerezanso pamsonkhano wa abale wokonzekera chinkhoswe, a Silas akugwedeza mutu ngati alandira kale.

Ndinawatenga achimwene kudzakhala kwanga, kuchipinda kosungira chimanga. Masiku oyambawo anali oopsa, abale. Manja kunjenjemera, thukuta kamukamu, phala kubwerera. Ndipo m'mawa uliwonse anthu ankationa pa siteji, ine nditawagwira mkono, iwo atafumbata buku lakuchipatala. Kumalo awo omwera pa Naisi mpando unali wopanda munthu.

"Akudwala chiyani a Eliya?"

"Akudwala basi," ndinkayankha choncho.

Kwathu kuno ukati munthu akudwala basi, ndiye kuti wauza anthu ayambe kufunsa mitengo ya matabwa a bokosi. Sipanatenge nthawi, dera lonse la Malemia linamva kuti a Eliya ali paulendo.

Woyamba kudzazonda anali a Makaiko, mnzawo wa kumowa. Analowa chipewa chili m'manja, anakhala pansi, n'kuwayang'ana achimwene nthawi yaitali maso ali ndi misozi.

"Pepani aphwanga. Pepani ndithu."

Kenako anapisa m'jekete n'kutulutsa kabotolo kotseka ndi chitsononkho.

"Wodwala samanidwa chimene mtima wake ukufuna. Ndi mutu weniweni uyu, kachasu woyambirira kudontha, wa amake Brighton."

Mayo ine! Maso a achimwene anatuluka, khosi likukwera n'kutsika. Koma nanga mphatso ya wozonda matenda amakana? Ndinagwada msangamsanga n'kulandira ndi manja awiri, asanafike nako kwa mwini wake.

"Sakulawa kodi?" anafunsa a Makaiko.

"Amwa usiku," pakamwa panga panatero ndisanaganize. "Masana mankhwala amakana."

Asa! Pofika madzulo dera lonse linali litadziwa kuti adokotala aloleza a Eliya kumwa usiku. Mawa lake anthu anayamba kundanda pakhomo ngati pali kuponi. Aliyense amadziwa chimene achimwene amakonda, ndiye panalibe woganiza za shuga kapena buledi. Amake Brighton anabweretsa okha. Amake Success, amene amapikisana nawo pakutcheza, atamva anabweretsa lalikulu kuposa. Wakabaza wina amene sindimudziwa n'komwe anasiya lake pakhonde n'kuthawa akulira.

Kunabwera ngakhale amayi a kumpingo kwathu, oyera mbuu ndi yunifomu. Anaimba nyimbo za ulendo wa kumwamba, achimwene akumvetsera atatuzula maso. Potuluka, mayi wina wachikulire anandipatsa kadengu ka mandasi kolemera modabwitsa.

"Pansipo musaonetse anzangawa," anandinong'oneza. "Ambuye akhululuka, munthu ali paulendo."

Munthu mmodzi yekha ndi amene anabwera ndi chinthu chanzeru, a Sefu, oyandikana nafe, Msilamu woti botolo sanaligwirepo. Anafika ndi mkoko wa nthochi, koma nkhope ili yamanyazi.

"Mundikhululukire, a neba. Chija amachikondacho ine chipembedzo sichindilola kunyamula. Ndangobweretsa tinthochi tachabechabe iti."

Ndinatsala pang'ono kuwakumbatira pamaso pa akazi awo.

Tsopano mabotolo onsewa ndipite nawo kuti? A Karima anati m'nyumba musapezeke dontho, ine ndinali ndi sitolo. Oyamba ndinakakhuthula panthochi kuseri. Fungo linadzaza bwalo lonse, achimwene anakhala pawindo tsiku lathunthu akukoka mpweya ngati mwana wa ng'ombe wosiyitsidwa. Otsatira ndinakathira m'chimbudzi. Tsikulo munthu anayamba kudandaula m'mimba, kupita n'kubwera, kupita n'kubwera, ndipo akalowa samatuluka. Ndinachita kukagogoda.

"Mukutani umo?"

"Ndikungopuma, achemwali."

Ndinatenga chigubu chachikasu chotungira madzi, ndinathiramo otsala onse, ndinatseka ndi pulasitiki n'kumanga ndi mphira, n'kuchibisa kukhitchini kuseri kwa thumba la makala. Ozondawo ankabwerezabwereza, ndiye botolo likabwera, ndilandire ndi manja awiri, mlendo akapita, m'chigubu.

M'mawa wina ndikuwamwetsa phala, chifukwa supuni inkawathawa m'manja, anandiyang'ana.

"Chili kuseri kwa makala," anatero motsitsa.

Ndinaika supuni pansi.

"Mwachigwira?"

"Ayi. Ndimangochidutsa popita kukasamba. Chimandiitana ndi dzina, achemwali. Ine ndimachiyankha kuti ndili ndi nkhuku yoti ndikanyamule."

Ndinawamvera chisoni mpaka ndinatuluka panja kukalira kumene sakundiona, kenako ndinakwiya chifukwa cholira. Tsiku lomwelo ndinachikoka chigubu chija kukachiika kuseri kwa khola la nkhuku, pamene pamakhala zigubu zina. Ndinati ndikapeza mpata ndikachikhuthulira mumtsinje wa Domasi. Koma chinali cholemera, tomato akundidikira, zokonzekera chinkhoswe zili pakhosi. Mawa, mawa. Pakadafunda padajiwitsa galu.

Masabata anapita. Mapiritsi anachepa mpaka kutha. Lachinayi lililonse tinkapita ku Zomba, iwo n'kulowa kukakhala ndi anzawo, ine pabenchi panja ndi magadiyani anzanga tikudandaulirana. Munthu anayamba kudya, masaya kubwerera, mpaka tsiku lina ndinamupeza akukonza chitseko changa chimene anachithyola yekha zaka zapitazo. Manja okha ndiwo ankanjenjemerabe pang'ono.

Anthu anadabwa. Ena ndinawaona ngati akhumudwa, poti anali atachapa kale zovala za kumaliro. A Makaiko ndiye ankayenda chifuwa chili patsogolo.

"Mwaona? Mankhwala athu aja. Achipatala akanatha okha?"

Ine ndinapitiriza kusanja tomato wanga.

Tsiku la chinkhoswe linafika. Bwalo langa linadzaza kuyambira m'mamawa, amayi kuphika, ena kutunga madzi kumjigo. Anasonkhanitsa zigubu zonse za pakhomo n'kuzindandika pafupi ndi khitchini, ine ndili kalikiliki ndi alendo, mutu uli pena. Achimwene anavala suti ya malemu bambo ake a Mervis, yowakulira mapewa, atameta bwino. A Silas nawo anabwera ndi suti, akuti mwina mwake.

Akuchimuna atafika tinati ayambe adya mwambo usanayambe. Ankhoswe tinawakhazika pakhonde, a Everson, malume wake wa Jacob amenenso ndi mkulu wampingo, ndi anthu awo uku, achimwene ndi a Silas uku. Wosambitsa m'manja anali Cathy, mnzanga wa pamsika, amene sabata imeneyo anali ndi chimfine choti ngakhale utsi sankaumva. Anagwada, anasambitsa alendo onse, madzi n'kuthera pomwepo. Anathamanga kukadzaza jagi. Pa zigubu zonse zija, anasankha chachikasu chomanga ndi mphira, akuti ndiye chinaoneka chaukhondo.

Anagwada pamaso pa achimwene n'kuthira.

Ine ndinali ndikubwera ndi mbale ya mpunga. Fungo linandipeza ndili pakati pa bwalo. Linakwera pakhonde, linalowa m'mphuno mwa aliyense kupatula Cathy, amene ankangothirabe mwaulemu. A Everson anakweza mphuno, n'kuyang'ana anthu awo. Nkhani ya nkhuku youluka anali ataimva, ndiye maso onse anatembenukira kwa achimwene. Mayi wina wakuchimuna anagwira duku lake ndi manja awiri.

A Silas anaimirira akumanga mabatani a jekete.

"Achemwali, munanena nokha. Ngakhale pamalaya."

Ndinatsegula pakamwa, koma ndinene chiyani? Kunena za chigubu ndiye kunena zonse, ndipo ndinalumbira. Kukhala chete ndiye thadzi lapita kwa a Silas, munthu atavutika masabata onsewa. Mbale ya mpunga inayamba kunditentha m'manja.

"Khalani chete, achemwali," anatero achimwene.

Anali atakweza manja m'mwamba, kutali ndi nkhope, ali nyowe. Dontho linatsika pachala n'kuima kunsonga. Analiyang'ana. Ine ndinaona lilime lawo likusuntha m'kamwa, ndipo ndinachita mantha kuposa tsiku lililonse la matendawo.

"Nyambitani, aphwanga, musataye!" ananong'ona a Makaiko ali kumpanda, kunong'ona kwake komveka mpaka kumsewu.

Achimwene anagwedeza dzanja, dontho linagwera pansi. Kenako anaimirira, manja ali m'mwamba ngati wagwidwa ndi apolisi, n'kununkhiza chapatali.

"Muno muli mutu wa amake Brighton," anatero mokweza. "Muli wa amake Success, uja anapsereza. Muli wina wonunkha mandasi, mwini wake sindimutchula, ali pompano. Muli wa a Makaiko, anathira madzi panjira."

"Pang'ono pokha!" anakuwa a Makaiko.

Anthu anaphulika kuseka, koma achimwene sanaseke.

"Munabwera kudzandizonda, zikomo kwambiri. Munkafunsa kuti ndikudwala chiyani, mlongo wanga sanakuuzeni chifukwa ndinamuletsa ine, ndinkachita manyazi. Matenda anga ndi omwewa ali m'manjawa. Ku Zomba ndimapita kukiliniki ya osiya mowa. Mabotolo anu onse sindinalawe ngakhale limodzi, ambiri ali m'chigubu chachikasu icho. Amene akufuna lake akatenge, koma kwa ine musabweretsenso. Mukafuna kundizonda, muzichita ngati a Sefu."

A Sefu anayang'ana uku ndi uku, osamvetsa kuti nthochi zawo zalakwa chiyani. Mayi wa mandasi uja anaweramira pansi ngati wataya singano. Cathy anali akadali chogwada, akufunsa kuti kodi chachitika n'chiyani.

"Tidziwa bwanji kuti sanamwe?" anatero a Silas, osafuna kumasula mabatani.

Achimwene anawayandikira, mphuno kumphuno, n'kuwauzira mpweya wonse wa m'chifuwa. A Silas anatsinzina, anapirira, anaganiza.

"Anyezi," anatero, n'kukhala pansi.

"Tsopano wina andipatse sopo," anatero achimwene. "Msanga, chonde. Manjawa ndatopa nawo."

Ndisanaike mbale pansi, chitseko cha nyumba chinatseguka. Mervis! Mkwatibwi woti amayenera kubisala m'nyumba mpaka amutulutse atamufunditsa chitenje, anthu akuchimuna avutike kumuzindikira. Anatuluka nkhope ili poyera, ndowa kudzanja ili, sopo kudzanja linalo, azakhali ake akukuwa pambuyo kuti iwe bwerera, ukuononga mwambo. Sanacheuke. Anagwada pamaso pa amalume ake, anatsitsa manja aja, n'kuyamba kuwasambitsa chala chimodzichimodzi, mpaka m'zikhadabo. Anatsuka, n'kupakanso sopo, n'kutsukanso. Kenako anawapukuta ndi chitenje chake chatsopano cha chinkhoswe.

"Mwambo woterewu sitinauonepo," anatero a Everson, "koma Jacob, ukadzamutaya mkazi uyu usadzabwere kwanga."

Mwambo weniweni unachitika ndithu. Mervis tinamubweza m'nyumba n'kumufunditsa, akuchimuna n'kunamizira kuti sakumudziwa. Itakwana nthawi ya nkhuku, a Everson anaimirira ndi tambala wawo. Ine ndinatenga thadzi lathu n'kuwapatsa achimwene, ndipo ndikuuzeni zoona, ndinafuna kulimanga mapiko ndi chingwe, koma ndinaleka.

Thadzi linakupiza mapiko kamodzi, amayi akuchimuna onse anagwira maduku. Achimwene analikumbatira pachifuwa. Manja ankanjenjemera moti mutu wa nkhuku unkangogwedezeka ngati ikuvomera zonse, ana akuseka. Woimbitsa nyimbo anaika ija yomwe imawayabwa m'miyendo, ine ndinamuyang'ana diso limodzi, anazimitsa. Achimwene anayenda pang'onopang'ono kudutsa bwalo lonse, anafika, anagwada, n'kuliika thadzi m'manja mwa a Everson, osalisiya mpaka a Everson atanena okha kuti ndaligwira, bambo, ndaligwira.

"Mwanayu ndi wanga," anatero achimwene. "Kukavuta, mudzandipeza kunyumba. Kaya m'mawa, kaya madzulo."

Nthungululu zinaphulika. Pansi pa chitenje paja Mervis ankalira mosabisa, ine ndinanamizira utsi wa kukhitchini.

Achimwene anabwerera n'kudzakhala pafupi nane, tambala amene a Everson anawapatsa ali pamiyendo, thukuta lili chuchuchu m'suti ya eni ake. Anayang'ana manja awo kanthawi.

"Achemwali, Lachinayi mundiperekezabe?"

"Nanga tomato wanga azigulitsa ndani?" ndinawakalipira. "Mudzuke msanga, minibasi yoyamba sidikira munthu."